Mafunso ndi Mayankho: Foni, Mphekesera ndi Utolankhani wa Kwathu

Makalata amene afika mwezi uno kuchokera ku Mulanje ndi ku Thyolo akuzungulira pa nkhani imodzi, ya foni ndi zimene timafalitsa nayo. Ine ndidayamba kutola nkhani m'masiku amene mtolankhani wa kuboma ankalemba nkhani yake pamanja n'kukaiwerengera mkonzi wa ku Blantyre pa lamya ya ku positi ofesi, choncho mafunsowa ndawawerenga ndi chidwi cha munthu amene waona ntchito yake ikusintha iye ali momwemo. Mayina a olemba ndawasunga, monga mwa mwambo wa tsamba lino.

FUNSO: Bambo mkonzi, ndine mnyamata wa zaka 24 ndipo ndimakhala pa Chitakale. Ndinatsegula tsamba la Facebook pomwe ndimaponyapo zochitika za kuno kwathu, monga mitengo ya chinanazi pamsika, mpira wa m'madera ndi ngozi za pamsewu wopita ku Muloza. Anthu ayamba kunditchula mtolankhani, koma mnzanga amene anapita ku koleji akuti ndikudzinamiza chifukwa ndilibe pepala. Zoona zake n'ziti? Nanga ndi bwino kutsegula bulogu, kapena Facebook ndi yokwanira?

YANKHO: Achimwene, malamulo oyendetsera dziko lino, m'gawo 35 ndi 36, amapatsa munthu aliyense ufulu wonena maganizo ake ndiponso amateteza ufulu wofalitsa nkhani, ndipo sanena kuti ufuluwo ndi wa okhawo amene ali ndi satifiketi. Chilolezo cha MACRA, bungwe loyang'anira mawailesi ndi mafoni, chimafunika kwa amene akutsegula wailesi kapena kanema, osati kwa munthu wolemba zimene waona pamsika. Pamenepo mnzanuyo waphonya. Koma pali pena pamene akulondola, ndipo ndikupemphani kuti mumumvetsere. Ku Malawi Institute of Journalism kapena ku MUBAS saphunzitsa kalembedwe kokha. Amaphunzitsanso malamulo okhudza kuipitsa mbiri ya munthu, kafunsidwe ka mafunso, ndi mfundo za khalidwe la atolankhani zimene bungwe la Media Council of Malawi limayang'anira. Amene sadapite kusukuluko ayenera kuzifunafuna yekha zinthuzi, chifukwa woweruza milandu sadzamumvera chisoni poti sadaphunzire.

Tiyeni titenge ngozi yomaliza imene mudaponya patsamba lanu. Kodi mudafika pamalopo, kapena chithunzicho mudalandira kwa mnzanu wa kabaza amene nayenso adalandira kwa wina? Chiwerengero cha ovulala adakuuzani ndani? Kodi mudaimbira mneneri wa apolisi wa boma lino, amene ntchito yake ndi yomweyo yoyankha mafunso otere? Akuluakulu adati kandimverere adakanena za m'maluwa, ndipo masamba ambiri amene akudzitcha a nkhani masiku ano ndi akandimverere okhaokha, ongokopera zimene alemba anzawo. Inu muli ndi chuma chimene nyumba zikuluzikulu zofalitsa nkhani ku Blantyre ndi ku Lilongwe zilibe. Muli pa Chitakale m'mawa uliwonse, mavenda amakudziwani, ndipo mutha kupalasa njinga n'kukadzionera nokha mlatho umene anthu akuti wakokoloka. Mukafika pamlathopo muli ndi chida china chimene ambiri sachigwiritsa ntchito, lamulo la Access to Information, limene lidayamba kugwira ntchito pa 30 Sepitembala 2020. Nzika iliyonse, osati mtolankhani yekha, ikhoza kulembera khonsolo kufunsa ndalama zimene zidalowa pa mlathowo ndi amene adapatsidwa ntchito youmanga. Mukamachita zotere, ndipo mukalakwitsa n'kumavomereza poyera patsamba lomwelo m'malo mongofufuta mwakachetechete, ine sindingazengereze kukutchulani mtolankhani.

Za bulogu, tsegulani, koma Facebook musaisiye. Bulogu ndi tsamba la pa intaneti lomwe mwini wake amalembapo nkhani motsatizana, yatsopano pamwamba, iliyonse ndi tsiku lake komanso linki yakeyake. Blogger, imene idayamba mu 1999 ndipo pano ndi ya Google, komanso WordPress ya mu 2003, zimalola munthu kutsegula popanda kulipira. Tsamba la Facebook lili ngati nyumba ya lendi, mwini nyumba akasintha malamulo inu mulibe ponena. Mu Januwale 2018 kampaniyo idalengeza kuti iyamba kuonetsa anthu zolemba za abale ndi anzawo patsogolo pa za masamba a nkhani, ndipo masamba ambiri padziko lapansi adaona owerenga akuchepa popanda chimene adalakwa. Komanso nkhani ya pa Facebook imamira pakangopita masiku awiri. Mitengo ya chinanazi imene mukulembayo ikasungidwa mwadongosolo kwa zaka zitatu idzasanduka kaundula amene mlimi, wogula ngakhale mlangizi wa zaulimi adzamufune, ndipo kaundula wotere amasungika bwino pa bulogu. Kumbukiraninso kuti nkhani ya William Kamkwamba wa ku Kasungu, amene adapanga makina amphepo opangira magetsi, idatuluka m'nyuzipepala ya Daily Times mu 2006, koma amene adaifikitsa kutali ndi olemba mabulogu, mpaka mwiniwakeyo adaitanidwa kumsonkhano wa TED, womwe anthu a nzeru zatsopano amakafotokozerako ntchito zawo, ku Arusha m'dziko la Tanzania mu 2007.

Chovuta chake n'chakuti owerenga anu ambiri amagula bandulo ya Facebook kapena ya WhatsApp yokha, imene siitsegula masamba ena, choncho mukangowaponyera linki sadzawerenga. Ikani nkhani yonse pa Facebook, n'kuisunganso pa bulogu. Paliponse pawiripo lembani dzina lanu lenileni ndi njira yokupezerani, pakuti lamulo la Electronic Transactions and Cyber Security la mu 2016 limafuna kuti wofalitsa nkhani pa intaneti azidziwika, komanso munthu amene mwamulemba ayenera kudziwa khomo loti akagogode.

FUNSO: Bambo, ndine mayi wa ana anayi wa ku Luchenza, ndipo ndine adimini wa gulu la WhatsApp la amayi a banki m'khonde. Sabata yatha wina anaponya voisi ya mayi akulira kuti anthu achilendo oyenda pa galimoto yoyera akuba ana pasukulu ina. Ine ndinaifufuta chifukwa wolankhulayo sindinamudziwe. Anzanga andikwiyira, akuti mwana wa wina akasowa mlandu udzakhala wanga. Kodi ndinalakwa?

YANKHO: Mayi, simudalakwe, ndipo ndiyankha motalikirapo chifukwa funso lanu landikumbutsa zimene sindifuna kudzazionanso. Mu Sepitembala 2017 mphekesera ya anamapopa idabuka ku Mulanje n'kufalikira ku Phalombe, Thyolo, Chiradzulu, Nsanje mpaka mumzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 8 adaphedwa ndi magulu a anthu okwiya pongowaganizira, ndipo bungwe la United Nations lidachotsa antchito ake m'maboma a Mulanje ndi Phalombe. Madokotala sadapeze umboni woti pali munthu ndi mmodzi yemwe amene adapopedwa magazi. Ine ndidali kuno masiku amenewo. Madzulo ena tikuchokera chakuphiri tidapeza chipika chitapingasa msewu, anyamata atanyamula zibonga ndi matochi, ndipo adatitsitsa m'galimoto n'kutsegula chikwama changa. Atapeza chingwe chotchajira kamera, mmodzi adachikweza m'mwamba kuti anzake achione, akufunsa kuti n'chachiyani. Chidatipulumutsa n'chakuti gogo wina adazindikira woyendetsa galimotoyo kuti ndi mwana wa m'mudzi woyandikana nawo. Anyamatawo sadali zigawenga. Adali ndi mantha enieni, akufuna kuteteza amayi awo ndi ana, monga momwe alili anzanu a m'gululi, ndipo aliyense wa iwo adali atamva kwa wina amene adamvanso kwa wina.

Mphekesera zotere n'zakale kuposa foni za masiku ano, pakuti ya anamapopa idamvekanso kuchigawo chino chakumapeto kwa 2002. Chimene foni yasintha ndi liwiro, komanso mphamvu ya mawu a munthu wolira amene umawamva m'khutu mwako ngati mwini wake ali pafupi. Choncho voisi yotere muziimvetsera kawiri, kachiwiriko mukufunafuna zinthu zogwirika. Wolankhulayo watchula dzina lake? Sukuluyo waitchula? Akati "dzulo", ndi dzulo la tsiku liti, poti voisi ikhoza kuzungulira chaka chathunthu mawu oti dzulowo ali chikhalire? Mwana wosowayo ndi wa m'mudzi wa yani? Mayi amene mwana wake wasowadi sabisa dzina la mwanayo, amalitchula mobwerezabwereza kuti anthu amuthandize kusaka. Uthenga wa misozi yambiri koma wopanda dzina, malo ndi tsiku, womaliza ndi mawu oti "tumizani kwa ena", umenewo ndi woyenera kuukayikira.

Yang'ananinso pamwamba pa uthengawo. WhatsApp imaika kamuvi kosonyeza kuti uthenga ndi wongopatsirana, ndipo timivi tikakhala tiwiri ndiye kuti wadutsa m'manja ambiri. Kampaniyo idaona yokha kuopsa kwake anthu ataphedwa ku India chifukwa cha mphekesera za akuba ana zofanana ndi yanuyi, moti mu 2019 idachepetsa padziko lonse malo amene munthu angatumizeko uthenga nthawi imodzi kufika pa 5, ndipo mu 2020 idati uthenga wa timivi tiwiri uzitumizidwa kumalo amodzi okha. Chikakhala chithunzi, mwana wanu akhoza kuchifufuza ndi Google Lens, imene imasonyeza masamba ena amene chidaonekapo kale. Nthawi ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, magulu a WhatsApp adathandiza kwambiri kuchenjezana za napolo ndi kupeza abale amene adathawira m'misasa, ndipo sindingawanyoze. Koma m'magulu amene ine ndilimo ndidaonamonso zithunzi za madzi osefukira a kumaiko ena, zimene zidangowonjezera nkhawa kwa anthu amene ankasaka abale awo.

Chimodzi chokha ndikadachita mosiyana ndi inu. Kufufuta mwakachetechete kumasiya anthu akuganiza kuti mukubisa kanthu. Ulendo wina imbirani foni mphunzitsi wamkulu wa sukulu ya kwanuko, amfumu kapena apolisi a pa Luchenza, kenaka mulembe m'gulumo kuti, "Amayi anzanga, ndafunsa kwa akutiakuti nthawi yakuti, ndipo akuti sanalandire dandaulo la mwana wosowa, voisiyi ndaichotsa kufikira titamva zenizeni." Zimenezi zimangofuna mphindi zochepa ndi mayunitsi pang'ono. Auzeninso anzanuwo mwaulemu kuti malamulo a milandu m'dziko muno amaletsa kufalitsa nkhani yabodza yochititsa anthu mantha, ndiponso kuti mawu oti "ndangotumiza momwe ndalandirira" sadzabweza moyo wa mlendo amene wagendedwa chifukwa choti galimoto yake ndi yoyera.

FUNSO: Ndimaperekeza alendo kuphiri kuchokera ku Likhubula. Chithunzi chimene ndinajambula ku Sapitwa m'bandakucha ndachipeza patsamba lina la nkhani, atachotsa dzina langa n'kuikapo chizindikiro chawo. Ndichitenji?

YANKHO: Achimwene, chithunzicho ndi chanu kuyambira pamene mudachijambula, ndipo lamulo la Copyright la mu 2016 limakutetezani ngakhale mudachiponya poyera. Kukafika pansonga ya mamita 3,002 dzuwa lisanatuluke ndi ntchito yokhetsa thukuta, ndipo popeza phirili lidalowa m'kaundula wa UNESCO wa malo ofunika padziko lonse mu 2025, zithunzi zake zizifunidwa kwambiri. Sungani chithunzi choyambiriracho m'foni kapena m'kompyuta osachisintha, chifukwa chimakhala ndi tsiku komanso mtundu wa foni imene idajambula, pomwe chimene chadutsa pa Facebook kapena pa WhatsApp chimataya zizindikiro zimenezi. Tengani sikirinishoti ya tsambalo, ndipo muwalembere mwaulemu kuti abwezeretse dzina lanu, alipire, kapena achichotse. Akakana, Facebook ili ndi fomu yodandaulira za kuberedwa ntchito, ndipo bungwe la COSOMA, loteteza umwini wa ntchito za aluso, likhoza kukulangizani za njira ya malamulo.

FUNSO: Bambo mkonzi, ndine mlimi wa tiyi wa munda waung'ono chaku Makwasa. Alimife tikukayikira sikelo imene amayezera masamba athu pamalo ogulira, chifukwa dengu lomwelo limalemera mosiyana pa sikelo ya kugolosale. Mwana wanga akuti atsegule akaunti ya dzina labodza kuti tiwayalutse pa Facebook, titchule kalaliki wake ndi kampani yomwe. Ndikuopa kumangidwa komanso kuti aleka kundigula masamba. Ndilangizeni.

YANKHO: Bambo, dandaulo lanu ndi lalikulu, chifukwa kilogalamu iliyonse yotayika pa sikelo ndi thukuta la munthu amene wathyola masamba m'mvula ndi m'chiperoni kuyambira m'mamawa. Koma njira ya mwana wanuyo ndikuikana. Dzina labodza silibisa munthu monga momwe achinyamata amaganizira. Kuyambira mu 2018 nambala za foni m'dziko muno zimalembetsedwa m'dzina la mwini wake, ndipo kumudzi sikufunika n'komwe katswiri wa makompyuta: anthu amadziwana kalankhulidwe, amadziwa amene adakangana ndi kalaliki Lachiwiri lapitali, ndipo pofika madzulo dzina lanu lili pakamwa pa aliyense. Kuwonjezera apo, nkhani yopanda mwini siivuta kuikana. Kampani idzangoti ndi nsanje ya anthu osadziwika, sikeloyo n'kupitiriza ntchito yake.

Siyanitsani chimene mwaona ndi chimene mukuganiza. Mukalemba kuti "kalaliki uja ndi mbava" mwamuweruza munthu, ndipo akakusumirani mudzafunika kuonetsa umboni woti iyeyo amadziwa ndipo amachitira dala. Mukalemba kuti "pa tsiku lakuti dengu langa lidalemera makilogalamu akuti pa sikelo iyi ndi akuti pa inayo, alimi atatu akuona", mwanena chinthu choti wina aliyense angakachiyese. Choncho yambani ndi kope. Kwa milungu iwiri kapena itatu, inu ndi anzanu a m'kalabu muzilemba tsiku, malo ndi kulemera kwa pa masikelo onse awiri, ndipo malisiti muzisunga. Dziwaninso kuti sikelo ya kugolosale nayo ikhoza kukhala yolakwika. Amene ali ndi mphamvu yoyesa masikelo a malonda ndi bungwe la Malawi Bureau of Standards, ndipo kalata yopita kumeneko yosainidwa ndi kalabu yonse idzagwira ntchito imene chipongwe cha pa Facebook sichingagwire.

Pa za kumangidwa, zinthu zasinthako. Mu Julaye 2025 bwalo lalikulu la milandu, litakhala ngati bwalo lomasulira malamulo oyendetsera dziko, lidagamula kuti gawo 200 la malamulo a milandu, limene linkachititsa kuti kuipitsa mbiri ya munthu kukhale mlandu wopita nawo kundende, n'losemphana ndi ufulu wolankhula. Chigamulochi sichidatseke khomo loti munthu akusumireni kuti mumulipire chipukutamisozi, ndipo lamulo la mu 2016 la za pa intaneti likadali ndi zigawo zoletsa kuzunza kapena kunyoza munthu kudzera pa makina, zimene apolisi agwiritsapo ntchito pomanga anthu chifukwa cha zolemba za pa Facebook ndi pa WhatsApp.

Ngati mukufuna kuti nkhaniyi imveke koma dzina lanu lisatuluke, pitani ndi kope lanulo kwa mtolankhani, kaya wa wailesi ya m'dera monga Mzati ku Mulanje, kaya wa nyuzipepala. Iye adzaika dzina lake m'malo mwa lanu, adzapita kukampaniko kukamva mbali yawo asanafalitse, ndipo mwambo wa ntchito yathu umamuletsa kuulula amene wamutsina khutu. Mwambowu si wa pakamwa chabe. Mu Epulo 2022 apolisi adagwira mtolankhani Gregory Gondwe wa Platform for Investigative Journalism n'kumulanda foni ndi kompyuta pofuna kudziwa amene adamupatsa chikalata china, ndipo iye adakana kumutchula. Musankhe mtolankhani amene mudamuonapo akutsatira nkhani mpaka kumapeto, ndipo mugwirizane poyambirira penipeni zimene angatchule ndi zimene asatchule.

FUNSO: Ndine mphunzitsi wamkazi wa ku Bvumbwe. Ndikufuna kuyamba kulemba pa intaneti za ulimi wa ndiwo zamasamba ndi ng'ombe zamkaka. Anzanga akuti ndizilemba m'Chingerezi kuti ndipeze ndalama za otsatsa malonda, ndiponso akuti makina a AI akhoza kumandilembera. Inu mukuti bwanji?

YANKHO: Aphunzitsi, dzifunseni kaye kuti mukulembera yani. Mayi amene amakama ng'ombe m'bandakucha n'kuthamangira ndi chigubu kumalo ogulitsira mkaka sadzawerenga m'Chingerezi za matenda otupitsa bere la ng'ombe. Nkhani za m'Chingerezi zidadzaza kale intaneti, zolembedwa ndi anthu a zipangizo zoposa zanu, pomwe za m'Chichewa, makamakanso za m'Chilomwe, n'zochepa kwambiri moti amene walemba bwino sasowa omuwerenga. Ofalitsa nyuzipepala adazindikira kale zimenezi, n'chifukwa chake kudabadwa Tamvani, Tikambe, Fuko ndi Boma Lathu. Pempho langa n'lakuti muzilemba Chichewa chosamalidwa, chopanda zidule za m'mauthenga a pa foni, pakuti ana amene mukuwaphunzitsa adzatengera kalembedwe kanu.

Za ndalama musayembekezere zambiri msanga. Google AdSense, njira imene Google imaikira malonda patsamba la munthu n'kumamulipira, imalipira ndalama zikakwana madola 100, ndipo bulogu yatsopano ikhoza kutenga nthawi yaitali isanafike pamenepo. Zapafupi ndi za wogulitsa mbewu ndi mankhwala pa Bvumbwe pomwepo, amene angakulipireni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba kuti mulengeze sitolo yake. Landirani, koma pamwamba pake lembani mawu oti "malonda", kuti owerenga asiyanitse ndi malangizo anu. M'ntchito yathu muli matenda otchedwa chipondamthengo, ndalama imene mwini nkhani amapatsa mtolankhani kuti amulembe zabwino, ndipo ndikuona kuti matendawa akulowa mwamphamvu m'masamba a mchezo chifukwa kumeneko kulibe mkonzi woti afunse. Tsiku limene mudzayamikire mankhwala a mbozi amene simudawayese, mlimi wina adzataya dimba lake la kabichi chifukwa chokukhulupirirani.

Makina a AI akhoza kukuthandizani kusanja mfundo za nkhani kapena kumvetsa chikalata chovuta, koma sadapondepo m'khola la ku Bvumbwe, ndipo amatha kupeka muyezo wa mankhwala n'kuunena molimba mtima. Chilichonse chokhudza muyezo muzikachitsimikiza kwa alangizi a zaulimi kapena kumalo a kafukufuku wa zaulimi a pa Bvumbwe, amene muli nawo pakhomo pomwepo.

FUNSO: Bambo, ndikulemba ndi mtima wosweka. Ndine mwini mbumba wa m'dera la Mfumu Yaikulu Mabuka. Mwana wa mlongo wanga anamwalira pa ngozi ya njinga yamoto. Mayi ake anadziwa za imfayo ataona chithunzi cha thupi lake pa foni ya mnansi, ife tisanafike n'komwe kuchipatala. Eni tsamba limene linaponya chithunzicho akukana kuchichotsa, akuti ndi nkhani. Kodi utolankhani wake ndi umenewu?

YANKHO: Pepani bambo, pepani kwambiri, ndipo mundipepesereko kwa mayi a malemuyo. Umenewo si utolankhani. Ngoziyo ndi nkhani, n'zoona, chifukwa njinga zamoto zikutha anthu m'misewu yathu ndipo kubisa sikungathandize; koma nkhope ya womwalira, magazi ake, ndi dzina lake abale asanauzidwe siziwonjezera chilichonse chimene owerenga akufunika kudziwa. M'nyumba zofalitsa nkhani tidaphunzitsidwa kudikira mpaka apolisi kapena achipatala atatsimikiza kuti abale adziwitsidwa, ndipo makolo athu adali nalo kale lamulo lomweli nyuzipepala zisanabwere. Uthenga wa maliro umayamba wafika kwa mwini mbumba, iye n'kudziwitsa amfumu, ndipo kwa mayi wa malemu kumapita amayi achikulire amene amayamba amukhazika pansi n'kumuzungulira asanatchule mawuwo. Dongosolo limeneli lidaikidwa podziwa kuti uthenga wotere ukhoza kugwetsa munthu. Amene adaponya chithunzicho adakulandani udindo wanu wa umalume, pongofuna kuti akhale woyamba.

Mpikisano wofuna kukhala woyambawu sudayambe ndi achinyamata a pa Facebook. Nditangoyamba kumene ntchito ndidatumizapo dzina la bambo wina amene adamira mumtsinje wa Ruo ndisanafunse ngati kwawo adamva, ndipo mkazi wake adamvera pa wailesi ya mnzake ali kumunda. Ndidapita kukapepesa tsiku lometa. Mayiwo adandilandira, adandiyalira mkeka, ndipo adangondifunsa ngati ndili ndi mayi anga. Funso limenelo limandibwerera nthawi iliyonse ndikalandira dzina la womwalira.

Alembereninso eni tsambalo, ulendo uno m'dzina la banja, mutchule kuti ndinu mwini mbumba ndipo banja silidapereke chilolezo. Mudandaulenso ku Facebook kweniko podina timadontho titatu timene tili pakona ya chithunzicho, chifukwa malamulo a kampaniyo amalola wachibale kupempha kuti chithunzi chosonyeza imfa yotere ya m'bale wake chichotsedwe. Ngati tsambalo ndi la nyumba yofalitsa nkhani yodziwika, kadandauleni ku Media Council of Malawi, imene imalandira madandaulo a anthu. Ngati mwini wake ndi mwana wa m'dera lomwelo, monga zimakhalira nthawi zambiri, kauzeni agulupu kuti amuitanitse pamodzi ndi makolo ake, abwere ndi foni yakeyo, achichotse inu mukuona, ndiponso alembe patsamba lomwelo mawu opepesa kwa mayi a malemu. Zimene zidafalikira kale m'magulu a WhatsApp simungazibweze zonse, koma maadimini a magulu a kwanuko mumawadziwa ndi mayina omwe. Alankhuleni mmodzimmodzi kuti achifufute, ndipo muyambire gulu la mpingo limene mlongo wanuyo alimo.